Chiwongolero Chikulemera, Matayala Akutsogolo Akudyeka: Yambirani pa Kingpin

Vuto ili ndaliona kambirimbiri pa yadi yomwe ndimakonzerapo mathiraki kuno ku Johannesburg, chakufupi ndi City Deep. Dalaivala amafika kuchokera kumudzi, kutsika m'hosi, mutu wa thiraki wokoka thirela, akudzisisita mapewa, n'kunena kuti, "Achimwene, galimotoyi yanditha manja. Chiwongolero chauma, ndipo ndikakhota sichikubwerera chokha." Tikagwada n'kuyang'ana matayala akutsogolo timapeza limodzi ladyeka m'mphepete, pomwe pakati mpira udakalipo wambiri. Mwini galimoto akamva pa foni amangolamula kuti ipite ku alayimenti, komwe amachuna matayala kuti ayang'ane molunjika. Ndalama zimalipidwa, pepala la makina limatuluka manambala onse ali bwinobwino, galimoto n'kunyamuka wa ku Blantyre. Pobwerako dalaivala yemwe uja, dandaulo lomwe lija, ndipo tayala lina latsopano layamba kale kudyeka.

Nthawi zambiri vuto silikhala kwa a alayimenti ayi. Imakhala kingpin youma. Chondipweteka mtima n'chakuti m'buku la sevisi mumakhala mutalembedwa kuti galimotoyo inapopedwa girisi. Inapopedwadi, koma girisiyo sanafike pomwe amafunika.

Tiyeni tiyambe taona chomwe chili pansi pa kabu. Ekiselo yakutsogolo ndi mtanda umodzi wachitsulo wopingasa galimoto. Kumapeto kwake konse kuwiri kuli stub axle, yomwe ambirife timangoti sitabu, pomwe pamakhala habu, mabuleki ndi tayala. Chomwe chimalumikiza sitabu ku mtandawo ndi kingpin, chikhomo chachitsulo choimirira, ndipo tayala likamakhota limazungulira pa chikhomo chimenechi monga chitseko pa mahinjesi ake. M'makutu awiri a sitabu, lapamwamba ndi lapansi, muli mabushi. Magalimoto ena a ku Ulaya amaika beringi m'malo mwa bushi imodzi, koma ntchito yake ndi yomweyo. Pa ekiselo zambiri, pakati pa mtanda ndi khutu lapansi pamakhala thrust bearing, ndipo pamwamba pamakhala mashimu otsekera mpata.

Thrust bearing imeneyi ndiyo imasenza katundu. Malamulo a pamsewu a ku South Africa amalola makilogalamu 7,700 pa ekiselo yowongolera, ndipo ndi zomwe amakuyezani pa sikelo ya ku Heidelberg pa N3 kapena ku Mantsole pa N1. Mukagawa pawiri, mbali iliyonse ikusenza makilogalamu 3,850, onsewo atakhala pa kaberingi kokwana m'chikhatho, ndipo kaberingiko kakuyenera kuzungulira katunduyo ali pamutu. Kakauma, pampu ya power steering imabisa vutoli kwa miyezi. Dalaivala akafika pomva kulemera m'manja, ndiye kuti m'katimo zinthu zinayamba kalekale kudyana.

Musanagwire pampu ya girisi

Zilipo zinthu zosalira ndalama zomwe zimalemetsanso chiwongolero, ndipo n'kutaya nthawi kumasula sitabu musanazione. Yezani mpweya m'matayala onse awiri akutsogolo ali ozizira, ndi geji, osati pomenya ndi chitsulo. Onani oyilo wa power steering, ndipo ngati akununkha kupserera kapena ali ndi thovu, vuto lina lili kumeneko. Onani mmene katundu wakhalira, chifukwa akakankhira kutsogolo ekiselo imalemedwa ndipo chiwongolero chimalemera ngakhale zonse zili bwino.

Chimene ambiri amaiwala ndi fifth wheel, mbale ija pomwe thirela imakhalira pa hosi. Ikauma, thirela imakana kutembenuka pa mbalepo, hosi imafuna kungopita molunjika, ndipo dalaivala amamva ngati chiwongolero chikulimbana naye. Dulani thirela, palani girisi wakale wosakanikirana ndi mchenga, pakani watsopano, yendetsani. Ndaonapo madandaulo akuthera pomwepo.

Zonsezi zikakhala bwino, kwezani kutsogolo. Ikani zotsekera ku matayala akumbuyo, kwezani ndi jeke, kenako khazikani ekiselo pa masitandi. Pansi pa galimoto yomwe yangodalira jeke musalowepo, ngakhale kwa mphindi imodzi. Injini ili chizimire, masulani drag link, ndodo yochokera ku bokosi la sitelingi, ku mkono wa sitabu, n'kugwira tayala ndi manja awiri, kulikhotetsa uku ndi uku. Likamayenda mofewa mpaka kumapeto konse, kulemerako kukuchokera ku bokosi la sitelingi, pampu, kapena majointi a pa shafuti yotsika ku chiwongolero. Likamalimba, kapena kuyenda modukizadukiza ngati likudumpha timiyala, vuto lili pa ekiselo. Masulaninso tie rod, ndodo yolumikiza matayala awiri akutsogolo, mbali imodzi kuti tayala lililonse liyende palokha, ndipo mudziwa mbali yomwe yauma.

Mwa zomwe ndaona ine, imakonda kukhala yakumanzere. Timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye tayala limenelo ndi lomwe limadya m'mphepete mwa phula modyekadyeka, maenje, ndi madzi odikha a mvula. Komanso dalaivala amatsikira kumanja, ndiye mbali inayo saiona kawirikawiri.

Kupopa girisi kwenikweni

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kupopa girisi sikuwerenga kuti ndapopa katatu kapena kasanu. Mumapopa mpaka girisi watsopano atatulukira pamalo ake.

Pukutani nipo, kamlomo kolowetsera girisi, ndi kansanza musanaikepo pampu. Fumbi lomwe lili pamutu pa nipo mukalisiya, mulikankhira nokha m'bushi, ndipo fumbi losakanizika ndi girisi limapala chitsulo ngati sandipepa. Yambani ndi nipo yapamwamba. Popani pang'onopang'ono, maso ali pa mpata wa pakati pa khutu la sitabu ndi mtanda, pomwe pali mashimu. Poyamba pamatuluka girisi wakuda bii. Nthawi zina patsogolo pake pamabwera timadzi tofiirira ta dzimbiri, kapena mumamva kaphokoso ka mpweya ukuthawa. Musaleke. Pitirizani mpaka mtundu wa girisi wotulukayo ufanane ndi yemwe ali m'pampu mwanu. Kenako nipo yapansi, maso ali pa thrust bearing, kufikira girisi woyera atatuluka mozungulira beringiyo, osati pakona imodzi yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kingpin yomwe yakhalitsa osadya girisi imafuna kudekha komweko.

Girisi akamatulukira pa chivundikiro cha kingpin, pomwe pamangidwa nipo, dziwani kuti sakulowa m'kati. Wapeza njira yachidule pa gasiketi yong'ambika kapena mabawuti osalimba. Konzani chivundikirocho kaye, apo ayi mungothera girisi pansi.

Pali mkangano wakale pakati pa amakaniko: kodi tizipopa galimoto ili pa jeke kapena matayala ali pansi? Buku la Meritor, omwe ekiselo zawo zili pa mathiraki ambiri a mtundu wa ku America omwe amayenda njira yathuyi, limanena kuti matayala akhale pansi, kulemera kwa galimoto kuli pomwepo. Maganizo ake ndi akuti galimoto ikakhala pansi, thrust bearing imapanikizika ndipo girisi amakakamizika kudutsa m'kati mwake m'malo mothawira pampata. Amakaniko ambiri akale amakweza kaye, ponena kuti kulemera kukachoka girisi amafika mbali ya bushi yomwe imakhala yotsamiridwa. Onsewa ali ndi mfundo. Ngati buku la galimoto yanu lilipo, tsatani bukulo. Pa kingpin yomwe ndikuikayikira, ine ndimachita zonse ziwiri: ndimakweza, kupopa, kukhotetsa matayala mpaka kumapeto uku ndi uku kangapo, kutsitsa, n'kupopanso ili pansi. Zimangoonjezera mphindi zochepa.

Mtundu wa girisi nawo ndi nkhani. Womwe mabuku ambiri amafuna pa kingpin ndi wa lithium, wolembedwa EP, kutanthauza wopirira kupanikizika kwambiri, wa NLGI 2. Manambala a NLGI amanena za kulimba kwa girisi, ndipo 2 ndi uja wofewa ngati chiponde. Chomwe chimaononga ndi kusakaniza. Girisi wa lithium akakumana ndi wopangidwa ndi dongo, uja amamugulitsa ngati wosasungunuka ndi moto, awiriwa sagwirizana. Amatha kusungunuka n'kuchucha, kapena kuuma gwa m'njira momwe girisi amadutsa. Mtundu wooneka ndi maso, kaya wofiira, wabuluu kapena wachikasu, sukuuzani kanthu. Werengani pa chitini. Ndipo ndowa ya girisi yomwe imakhala yosavundikira pa yadi, m'fumbi la mwezi wa August kuno ku Gauteng, imeneyo isayandikire kingpin.

Girisi akakana kulowa

Mukuona pampu yalimba, girisi akubwerera m'mbali mwa nipo. Apa ndi pomwe anyamata ambiri amangopaka girisi pamwamba n'kupita pa nipo ina. Musatero. Masulani nipoyo, muiike pa pampu ili m'manja, muone ngati ikutulutsa. Kampira kachitsulo ka m'kati mwake kamachita dzimbiri n'kumatirira. Nipo ndi yotchipa, ikani ina. Ikakhala kuti nipo ili bwino, tokosani m'bowomo ndi kawaya, muchotse girisi wouma. Zikakanikabe, chotsani chivundikiro chonse cha kingpin. Kawirikawiri mumapezamo chimbamu cha girisi wakale wouma ngati sopo. Palani, tsukani, bwezerani chivundikiro ndi gasiketi yabwino, kwezani galimoto, wina azikhotetsa matayala inu mukupopa.

Moto wa gasi musaubweretse pamenepa. Ndikudziwa kuti ena amawotcha khutu la sitabu kuti girisi wouma asungunuke, ndipo amalowadi. Koma motowo umapsereza masilu, timphira totchinga girisi ndi fumbi, umaononga mabushi okutidwa ndi pulasitiki, komanso umafoola chitsulo chomwe chagwira tayala lowongolera. Kingpin yomwe yakana girisi mutayesa zonsezi ndi yofunika kumasula basi.

Tsiku lina kunabwera hosi yomwe inali itangotsukidwa kumene, ikuwala mbee, matayala atapakidwa polishi. Dalaivala wake, bambo wachikulire wa ku Balaka, anati galimoto ikukokera kumanzere ndipo pokhota ikulira kuti gu, gu. Ndinagona pansi ndi tochi. Pa nipo zitatu panali girisi watsopano. Pa yachinayi, yapansi kumanzere, panalinso chibulumwa cha girisi, koma nditachipukuta ndi chala ndinapeza kuti nipo palibe. Inathyoka kalekale, kachidutswa kake katatsalira m'bowo, dothi litamata pamwamba. Amene ankapopa ankangobisapo ndi girisi. Pa mpata wa thrust bearing panali ufa wofiira ngati wa njerwa, ndipo ufa umenewo mukauona pa jointi iliyonse, ndiye kuti chitsulo chikudya chinzake popanda mafuta.

Ndinawaitana. "Bambo, tabwerani muone nokha."

Anagwada, kuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, imeneyi ndatsika nayo phiri la Van Reenen sabata yathayi, ndili ndi kontena."

Titamasula, thrust bearing inatuluka zidutswazidutswa, timaroli take titaphwanyika ngati mtedza wokazinga. Kingpin inali ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwamo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Makina otsukira ndi madzi amphamvu aja amakankhira madzi kudutsa masilu n'kulowa m'mabushi, choncho galimoto ikatsukidwa kunsi, girisi apopedwe tsiku lomwelo kuti atulutse madziwo.

Kugwedera: beringi kapena kingpin?

Girisi sabweza chitsulo chomwe chadyeka. Kingpin yogwedera mukaipopa imakhala phee kwa masiku angapo, kenako phokoso limabwerera. Ndiye muyenera kuyeza, ndipo yezani musanapope, chifukwa girisi watsopano amadzaza mpata n'kukunamizani.

Galimoto ili pa masitandi, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, kapena lowetsani chitsulo chachitali pa bowo la rimu, muligwedeze m'kati ndi kunja. Mukamva kugwedera, uzani mnzanu aponde buleki, mpweya uli wokwanira m'matanki. Kugwederako kukatha buleki itapondedwa, ndi maberingi a habu. Kukapitirira, ndi kingpin ndi mabushi ake. Njira imeneyi siinama.

Kuti mudziwe kukula kwake pafunika dial indicator, kawotchi koyezera kaja kokhala ndi maginito. Maginito akhale pa mtanda wa ekiselo, nsonga igunde m'mbali mwa khutu lapamwamba la sitabu, mugwedeze tayala pamwamba. Kenako chimodzimodzi pa khutu lapansi. Pa ekiselo za Meritor, muvi ukayenda kufika 0.010 ya inchi, omwe ndi mamilimita 0.25, mabushi atha, ndipo amasinthidwa onse awiri. Kampata kameneka n'kochepa kwambiri poyang'ana ndi maso, koma pofika kunja kwa tayala kamakhala katakula, ndipo tayala limayenda likuvina. Yezaninso kukwera ndi kutsika kwa sitabu, nsonga ili pamwamba pa chivundikiro, inu mukunyamula sitabu ndi chitsulo. Kukachuluka kuposa mmene buku lanenera, ndiye thrust bearing yaphwanyika kapena mashimu adyeka.

Pomanga zatsopano pali zinthu zingapo zomwe zimabwezeretsa vutoli msanga. Thrust bearing ili ndi mbali yotseka ndi yotsegula, ndipo yotseka imayang'ana kumwamba kuti madzi ndi dothi zisadikhemo. Mukaitembenuza mwapanga kambale kotungira madzi. Mabushi amkuwa amafuna kuwapala ndi reamer yaitali yodutsa makutu onse awiri nthawi imodzi, kuti mabowo ayang'anizane. Opala ndi felo kapena sandipepa wokulunga pa ndodo amangokhala akubwereza ntchito. Mabowo a girisi a m'bushi ayang'ane komwe buku lanena. Ndipo musanalowetse kingpin yatsopano, iyeseni m'diso la mtanda. Iyenera kulowa mothina. Timakiyi tomwe timaigwira m'disomo, ma draw key, tikakhala tosalimba kwa nthawi yaitali, kingpin imagwedera m'mtanda momwemo n'kukuza bowo kukhala ngati dzira. Zikafika apo, kingpin yatsopano siithandiza. Ena amawotcherera bowolo n'kuliboolanso, ena amawongola mtanda wopindika ndi moto. Opanga ekiselo amaletsa zonse ziwirizi, ndipo ine sindingaike dzanja langa pa ntchito yotero. Mtanda umenewo ndi wosula ndi kuumitsa mwapadera, ndipo moto ukaufoola umadzathyoka tsiku lomwe galimoto yalemedwa.

Tie rod ndi drag link

Izi sizifuna mawu ambiri. Matayala ali pansi, injini ikulira, wina azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku, inu mutagwira jointi iliyonse ndi dzanja. Mukamva kuti khutchu m'chikhatho, yatha. Kenako igwireni ndi manja awiri, muikankhe m'mwamba ndi pansi ndi mphamvu zanu zokha. Musapanikize ndi chitsulo, chifukwa m'kati muli sipuling'i yomwe imafinyika n'kuonetsa ngati jointi yabwino yatha. Yogwedera ndi manja isinthidwe, ndipo yoyenda mamilimita 3 isatuluke n'komwe pa geti.

Mphira wovundikira jointi ukang'ambika, madzi alowa kale. Popopa gwiritsani ntchito pampu yamanja, chifukwa yampweya ija imaphulitsa mphirawo. Majointi ambiri a pa magalimoto a ku Ulaya, monga Scania, Volvo, MAN ndi Mercedes-Benz, amabwera otseka opanda nipo. Amenewo musawaboole kuti muikemo nipo. Akatha amasinthidwa.

Lamulo la kuno limati chiwongolero chisazungulire chopanda kanthu kupitirira madigiri 45 matayala asanayambe kukhota. Amenewo ndi malire a lamulo, oti galimoto ilephere mayeso a chaka ndi chaka. Dalaivala wosamala sadikira kufika pamenepo.

Habu

Habu zilipo za mitundu iwiri, ndipo kuzisokoneza kumaononga ndalama zambiri. Zina zimasambira m'oyilo, zili ndi kagalasi pa chivundikiro koonera mlingo. Oyilo wake ndi wa giya, wa GL-5, monga 80W-90. Muziyang'ana kagalasiko m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo osapendekeka. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Akamanyezimira tizitsulo mukamutikita pa zala padzuwa, beringi ikudyeka. Kamphira ka pakati pa chivundikirocho kali ndi kabowo kopumira, ndipo kakatsekeka ndi dothi, habu ikatentha mpweya umakankha oyilo kudutsa silu yakumbuyo. Oyiloyo amakathera pa malayining'i a buleki, ndipo galimoto imayamba kukokera mbali ina mukaponda buleki. Malayining'i onyowa ndi oyilo satsukidwa ndi petulo, amasinthidwa.

Pa habu zomwe maberingi ake amachunidwa ndi manati, njira yodziwika ya ku America, ya TMC RP 618, ndi yomanga nati yam'kati kufika pa 271 Nm pa torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, uku mukuzungulitsa habu kuti maberingi akhazikike, kubweza nati kuzungulira kamodzi kathunthu, kumanganso pa 68 Nm, kenako kubweza pang'ono malinga ndi mtundu wa mazinga ake, n'kutseka ndi nati yakunja. Chomaliza n'kuyeza ndi dial indicator: kugwedera kukhale pakati pa mamilimita 0.025 ndi 0.127. Kumanga mongomva ndi dzanja ndi komwe kumapsereza maberingi, kapena kusiya tayala likuvina n'kudyeka mabangamabanga.

Magalimoto ambiri a ku Ulaya a masiku ano ali ndi habu zotseka, zobwera ndi girisi wake kuchokera ku fakitale. Izi sizichunidwa. Nati yake imamangidwa mwamphamvu kwambiri pa mlingo wa m'buku, ndipo mukaimanga mwa njira ija ya kubweza, mwapha habu. Ikayamba kulira kapena kugwedera imasinthidwa.

Dalaivala ali ndi choyezera chake chabwino, dzanja. Mukaima pa Kranskop kapena Musina pa msewu wa N1 mutayenda mtunda wautali osaponda buleki kwambiri, yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu zonse ziwiri zakutsogolo. Imodzi ikatentha kuposa inzake moti simungaigwire, musapitirire. Mwina ndi buleki yomata, mwina ndi beringi, koma zonsezi mapeto ake ndi tayala kuyaka kapena kuchoka. Poti mwagwada kale pamenepo, popaninso girisi pa S-cam ndi slack adjuster, zitsulo zokankha mabuleki, koma pa S-cam musachulutse, chifukwa wotsala amalowa m'diramu.

Tsopano ipite ku alayimenti

Alayimenti imabwera pamapeto, kingpin, maberingi ndi majointi zitalimba, ma U-bolt ogwira ekiselo ku masipuling'i atamangidwa, mapini a masipuling'i atadya girisi, mashoki ali amoyo. Makina amayeza galimoto itaima, ndiye ngati pali zogwedera, manambala omwe achunidwa pa makinawo amasokonekera galimoto ikangotuluka pa geti.

Tayala lenilenilo limakuuzani zambiri. Yendetsani chikhatho mopingasa mpira wake. Chikamatsetsereka bwino polowera m'kati mwa galimoto koma n'kumakodwa potuluka, matayala apanikizana kwambiri kutsogolo, ndiye kuti toe-in yachuluka. Zikakhala mosemphana, atasukirana. Pa mathiraki ambiri toe-in yoyenera ndi yaing'ono zedi, pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Matayala onse awiri akadyeka kunja, kapena onse m'kati, ndi nkhani ya toe. Koma limodzi likadyeka kunja, linzake m'kati, musalimbane ndi ekiselo yakutsogolo. Ndi ekiselo zakumbuyo zomwe zapotoka, zikukankhira galimoto chammbali, ndipo dalaivala amakhala akuibweza ndi chiwongolero ulendo wonse. Auzeni a alayimenti ayeze ekiselo zonse, ndi za thirela zomwe.

Tizipopa liti?

Mabuku ena amapereka mtunda wautali kwambiri pakati pa kupopa ndi kupopa, koma amenewo amaganizira galimoto yoyenda pa phula losalala. Njira yathu ndi ina. Kuchoka ku Johannesburg kudzera Polokwane, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita opitirira 1,600, ndipo muli maenje, njira zapadera zafumbi pomwe akukonza msewu, kutentha kwa ku Tete, ndi madzi a dzinja kuyambira November mpaka March. Langizo langa ndi lakuti galimoto ya njira imeneyi idye girisi ulendo uliwonse ikabwerako, ndipo nthawi ya mvula idyenso ikafika kumudzi. Zotuta mchenga ndi miyala m'makwale ozungulira Gauteng zimafuna sabata iliyonse. Galimoto zokhala ndi makina opopa okha girisi nazo zimafuna maso: onani kuti m'thanki muli girisi woyenera makinawo, ndipo pa kingpin iliyonse pakuoneka girisi wonyowa, chifukwa kapaipi kamodzi kakaduka makina amapitiriza kupopera pansi.

Kwa madalaivala anzanga, pampu yamanja, makatiriji awiri a girisi, manipo angapo owongoka ndi opindika, sipanala yaing'ono ndi sanza, zonsezi zimakwana m'bokosi la zida. Pa mzere wa pa Beitbridge mumakhala maola ambiri, nthawi zina masiku. Manipo a kingpin ndi anayi okha. Ndipo pamene wina akukupoperani pa yadi, musakhale m'kabu. Tsikani, mugwade pambali pake, muone ndi maso anu girisi watsopano akutuluka pamwamba ndi pansi, mbali zonse ziwiri.

Galimoto ikangochoka pokonzedwa kingpin kapena habu, ntchito siinathe. Manati a tayala amakhazikika n'kumasuka pang'ono pa makilomita 50 mpaka 100 oyamba. Ngati mukulowera kumpoto, mukangodutsa Pretoria pezani malo abwino oimapo, mumangenso manati onse ndi torque wrench pa mlingo wa m'buku la galimotoyo, mugwire habu ngati yatentha, muyang'ane kuseri kwa tayala ngati silu ikudontha. Mukabwerako ulendo woyambawo, ibwere pa yadi timangenso manati a ma draw key, tiyezenso kugwedera, n'kupopanso girisi matayala ali pansi.